Mayi a colitis asiya Asacol chifukwa cha lactose, ndiwapatse chiyani?

Nachisale, Rosettenville

Anzanga ndithandizeni msanga, mutu waima. Pali mayi ena akwathu a ulcerative colitis, matenda otupa ndi zilonda m'matumbo aakulu, amene amatenga mankhwala pano mwezi ndi mwezi, Asacol 800 mg katatu pa tsiku ndi azathioprine 50 mg mapiritsi 3, zaka 2 tsopano, ndipo amayenda bwinobwino. Lero atulukira ndi mabokosi osatsegula. Akuti anasiya kumwa milungu 5 yapitayo, mwana wawo atawawerengera paja pamalembedwa kuti "Contains sugar: lactose monohydrate". Lactose ndi shuga wa mu mkaka, ndipo iwowo mkaka suwayanja chiyambire, ndiye angoti eya, n'chifukwa chake mimba imanditupa. Panopa akupita kuchimbudzi ka 6 kapena ka 7 pa tsiku, magazi akutuluka, usiku sakugona. Akufuna ndiwapatse "opanda mkaka" lero lomwe, apo ayi samwa chilichonse. Dokotala wawo ndamuimbira kanayi, akuti ali ku theatre, ndipo tsiku lawo lokaonana ndi la mwezi wa mawa. RP wathu, pharmacist woyang'anira pharmacy ino, ali pa tchuthi, locum wake, womugwirizira ntchito, wangomaliza comm serve, chaka chotumikira boma ukamaliza maphunziro, chaka chatha, nayenso wagwira njakata. Pentasa, mankhwala ena a colitis, ndili nayo pa shelefu. Ndipereke imeneyo? Nanga azathioprine wopanda lactose alipo muno mu Joni? Ma insert, timapepala ta m'bokosi, a ma generic awiri amene tili nawo ndawerenga, onse lactose. SAMF, buku la mankhwala la muno mu South Africa, ndatsegula kale, za ma filler, zinthu zongodzazira piritsi monga lactose, sindinapezemo. Mayiwo akhala pa benchi apa akundidikira.

aMbewe, Braamfontein

Achemwali, tengani cholembera. Asacol 800 piritsi limodzi lili ndi lactose 152.8 mg. Atatu pa tsiku ndi 458 mg. Azathioprine ngati ndi Imuran ndi 74 mg piritsi, atatu ndi 222 mg, ma generic sasiyana patali. Zonse pamodzi 680 mg, galamu imodzi yomwe siikwana. Kapu imodzi ya mkaka ili ndi magalamu 12. Ndiye kuti mankhwala awo a tsiku lonse ali ndi lactose yofanana ndi supuni imodzi yaikulu ya mkaka. Mimba siingatupe ndi supuni imodzi, yogawidwa katatu, yomwera chakudya. Abwerere pa mankhwala awo basi. Musasinthe kanthu.

Nachisale, Rosettenville

Masamuwo ndikuwamva aMbewe, koma mayiwa sakufuna masamu. Ndawauza kale kuti ndi pang'ono, andiyankha kuti mankhwala a makoswe nawonso timathira pang'ono. Ine ndikufuna kudziwa chopereka.

Che Jafali, Mayfair

Ayi ayi achemwali, Pentasa musagwire popanda script yatsopano. N'zoona kuti ilibe lactose, muli ethylcellulose, povidone, microcrystalline cellulose, talc ndi magnesium stearate. Koma si generic ya Asacol ngakhale zonse zili mesalazine. Asacol anaikuta ndi Eudragit S imene imasungunuka pH ikafika 7, ndiye imayamba kutuluka kumapeto kwa matumbo aang'ono kulowera m'matumbo aakulu. Pentasa ndi timibulu timene timatulutsa mankhwala pang'onopang'ono kuyambira ku duodenum mpaka kumunsi. Section 22F ya Act 101, lamulo la mankhwala, imakulolani kusintha mankhwala amene ali interchangeable, awa sali m'gulu limenelo. Komanso taonani, 2.4 g ya Asacol mudzaigawa bwanji ndi mapiritsi a 500 mg? Mupereka 2 g kapena 2.5 g kapena 3 g? Amene angasankhe ndi dokotala, osati inu, osati locum. Ndipo inu ndinu post-basic, wothandizira pharmacist, zikavuta SAPC, bungwe loyang'anira a pharmacy, idzafunsa dzina lanu ndi la locum uja. Ndikunena izi chifukwa ndimakukondani, mapepala athu alendofe amavuta kupeza.

Nangozo, Parktown

Pepani nonse, tasiyani kaye za lactose. Ine maso anga ali pa "ka 6 kapena ka 7 ndi magazi". Kuno ku gastro, ward ya matenda a m'mimba, munthu wa colitis akapita ka 6 kapena kupitirira ndi magazi, n'kukhalanso ndi chimodzi mwa izi, mtima kugunda kupitirira 90, thupi kutentha kupitirira 37.8, Hb, muyezo wa kuchuluka kwa magazi, kutsika pansi pa 10.5, kapena ESR, muyezo wa kutupa m'thupi, kupitirira 30, ameneyo ndi acute severe colitis, timamugoneka tsiku lomwelo ndi hydrocortisone ya mumtsempha. Muyezo umenewu ndi wa Truelove ndi Witts, wa 1955, ndipo mpaka lero timaugwiritsa ntchito. aNachisale, muli ndi makina a BP pamenepo. Ayezeni pulse ndi kutentha panopa, muone ndi m'zikope ngati muli magazi. Chonde chonde musawapatse loperamide, mankhwala oletsa kutsekula m'mimba. Munthu wotupa matumbo chonchi loperamide akhoza kumugwetsera mu toxic megacolon, kufufuma koopsa kwa matumbo aakulu. Ndipo muwafunse akumwa chiyani cha ululu.

Nachisale, Rosettenville

Pulse 98, BP 104/66, kutentha 37.4. M'zikope mwayera ndithu. Ndafunsa za ululu, akuti Grand-Pa awiri kapena atatu pa tsiku, amagula ku spaza. Azathioprine nayenso anasiya tsiku limodzi ndi Asacol. Ndawauza za chipatala akukana, akuti amasoka ku Fordsburg, akajomba tsiku limodzi sawalipira, ndipo akuti ku casualty adzagona pa mpando mpaka mawa.

Nangozo, Parktown

Mayo ine. Pulse 98 ndi magazi ka 7, akwana kale pa muyezo uja. Grand-Pa muli aspirin, ndi mafuta pamoto amenewo, asiye lero. Achemwali, amenewa si oti muwasinthire mtundu wa piritsi, ndi oti apite akatengedwe magazi a FBC, CRP, U&E, albumin, ndi chimbudzi chikayezedwe C. diff, bakiteriya wotsekula m'mimba. Locum alembe kalata, alembemo tsiku limene anasiya mankhwala, manambala mwayezawo, ndi Grand-Pa yemweyo. Muwaimbire amuna awo kapena mwana uja anawerenga bokosi, abwere awaperekeze. Mukawauza kuti "pitani kuchipatala" okha, adzakwera taxi ya kunyumba. Muwauze mosabisa kuti tsiku limodzi la malipiro silifanana ndi kuchotsedwa matumbo. Ndawaona anthu akudzuka ndi thumba pamimba chifukwa chochedwa masiku atatu.

aMbewe, Braamfontein

Mwaona? Milungu 5 opanda lactose ya m'mapiritsi, mimba yakhala bwino? Yaipiraipira. Umboni ndi umenewo kuti vuto silinali filler. 680 mg, achemwali. Muwaonetse pa pepala.

NaPhiri, Randburg

aMbewe, masamu anu ndi olondola, sindikutsutsa. Koma ine monga wa zakudya ndimakumana ndi anthu amenewa tsiku ndi tsiku, ndipo si onse amene ali pa mankhwala awiri okha. Wina ali pa mesalazine 4.8 g, mapiritsi 6 amenewo, prednisone 40 mg mapiritsi 8, azathioprine, domperidone, mapiritsi olera, loperamide amene kapisozi imodzi imapitirira 100 mg ya lactose. Zimawunjikana. Ku Cardiff anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2009, anayeza lactose m'mankhwala a m'mimba, napeza kuti munthu womwa mitundu ingapo pa mlingo wapamwamba akhoza kupitirira magalamu 10 pa tsiku. Tsono tisamangoti n'zosatheka. Komanso matumbo otupa kale amamva msanga mpweya wochepa umene wina wabwinobwino sangaumve n'komwe.

Pa mayi awa, ndikuvomereza kuti 680 mg ndi yochepa. Chimene ndikanafunsa ine ndi tiyi. Anthu ambiri amati "mkaka sindimwa" koma m'mawa amathira wa ufa masupuni awiri, masana khofi wa 3-in-1, madzulo ma rusk ndi custard. Pamenepo apitirira kale mapiritsi aja kangapo.

aMbewe, Braamfontein

aNaPhiri, wa ku Cardiff uja anawerengera mlingo wapamwamba wa mankhwala ambiri nthawi imodzi, sanamwetse anthu n'kuona ngati atsekula. Amene anamwetsa anthu ndi a ku Rome mu 2008. Anatenga anthu amene lactose saigaya, anawapatsa makapisozi a 400 mg, ena opanda kanthu, osawauza. Hydrogen ya mu mpweya siinakwere, zizindikiro sizinasiyane. Mayi athuwa pa piritsi limodzi la Asacol amamwa 152.8 mg. Ine ndakhala pa kauntala zaka 23, kuyambira ku Blantyre, sindinaonepo munthu wotsekula m'mimba ndi filler ya piritsi limodzi.

Nachisale, Rosettenville

Tiyi ndafunsa. Akuti amathira mkaka wa ufa kawiri pa tsiku chifukwa "wa ufa si mkaka weniweni". Ndafooka.

NaPhiri, Randburg

Ndi zimenezo. Musawaseke kapena kuwakalipira, ambiri amaganiza choncho. Mkaka wa ufa wa full cream, pa magalamu 100 alionse pafupifupi 37 kapena 38 ndi lactose. Masupuni awiri akulu odzaza afika kale magalamu 5 kapena kuposa. Kawiri pa tsiku ndi pafupi kapu yathunthu ya mkaka. Kutupa kuja kumachokera kumeneko.

Ndiwonjezere chinthu china kwa achinyamata amene mukuwerenga. Ife anthu akuda a kuno kum'mwera ambiri lactase, enzyme yogaya lactose, imachepa tikangosiya kuyamwa, si matenda, ndi mmene tinabadwira. Lactase imakhala m'matumbo aang'ono, makamaka ku jejunum. Ulcerative colitis imagwira matumbo aakulu, ndiye siiwononga lactase. Crohn's, matenda ena otupa matumbo, ikagwira matumbo aang'ono ndi imene ingaichepetse. Tsono mayiwa ali ndi zinthu ziwiri zosiyana zimene zakumana m'thupi limodzi, ndipo iwo azimanga mtolo umodzi.

Chikondi, intern, Soweto

Akuluakulu, pepani ndifunse nawo. Bwanji osangowapatsa mapiritsi a lactase azimwera limodzi ndi Asacol? Amagulitsidwa popanda script, ndiye mtima wawo ukhala m'malo. Kapena azathioprine tingamupange compounding, kumukonza tokha m'makapisozi opanda lactose?

Che Jafali, Mayfair

Funso labwino Chikondi, koma taganizira. Lactose ya mu Asacol ili mkati mwa piritsi, pansi pa chikuto chija. Chikuto chimatseguka pH 7, kumapeto kwa ileum, piritsi litadutsa kale malo amene lactase ya thupi imagwira ntchito. Lactase yomwa imagwirira m'chifu ndi kumtunda kwa matumbo, siidzakumana nayo lactose imeneyo. Zikutanthauzanso kuti aliyense womwa Asacol, kaya mkaka umamuyanja kaya ayi, lactose ya piritsi limenelo imafika m'matumbo aakulu yosagayidwa, ndipo anthu akumwa osadandaula chifukwa ndi yochepa. Ukawagulitsa lactase pa chifukwa chimenechi wawadyera ndalama. Ya tiyi uja ndiye ingawathandize.

Za compounding iwalako. Azathioprine ndi wa m'gulu la cytotoxic, mankhwala owononga maselo, sitiphwanya pa kauntala, ufa wake suyenera kupumidwa, makamaka ndi woyembekezera. Ndipo ukaphwanya piritsi lactose uja amakhala momwemo. Pangafunike ufa wa mankhwala weniweniwo ndi pharmacy imene ili ndi zipangizo zake, mtengo wake mayi wosoka ku Fordsburg sangaufike. Asacol ndiye osayerekeza kudula kapena kuphwanya, wapha chikuto.

Amake Tadala, Diepsloot

Ine pali chimene sindinachimve wina akufunsa. Mkaka "suwayanja" motani? Mimba kutupa ndi mpweya, kapena zidzolo, milomo kutupa, kubanika? Ndi zinthu ziwiri zimenezi. Lactose intolerance imayendera kuchuluka, allergy ya mapuloteni a mkaka siyendera kuchuluka. Lactose ya m'mankhwala imachokera ku mkaka wa ng'ombe ndipo nthawi zina imatsalira timapuloteni.

Chaka china ku kiliniki kumene ndinkagwira kale kunabwera kamtsikana ka zaka 9 ka asthma, tinakasinthira ku inhaler ya ufa chifukwa ya spray inatha. Pa khadi panalembedwa "milk" basi, tonse tinaganiza kuti ndi za kutupa mimba. Kanangokoka kamodzi pomwepo pophunzitsidwa, mphindi zochepa milomo yatupa, chifuwa chalira. Tinathamanga ndi adrenaline. Kanachira, koma ine usiku umenewo sindinagone, ndinkangoona nkhope ya mayi wake. Insert inalemba bwinobwino kuti osapereka kwa wa allergy yaikulu ya mapuloteni a mkaka, palibe anawerenga. Kuyambira pamenepo munthu akati "mkaka", ndimamukhazika pansi afotokoze. aMbewe, masamu anu sagwira pa allergy kapena pa galactosaemia, matenda obadwa nawo olephera kugwiritsa ntchito galactose wa mu mkaka.

aMbewe, Braamfontein

Amake Tadala, zoona, pa allergy sagwira. Koma mayi amene amamwa mkaka wa ufa kawiri pa tsiku alibe allergy. Tabwereranso pomwe paja. 680 mg.

Ndipo ndikuuzeni chimene chikundiwawa. Mukawasinthira lero chifukwa cha lactose, mwawasainira kuti mwana uja ananena zoona. Mawa adzakana mapiritsi a BP, adzakana olera, adzakana prednisone amene akawapatse kuchipatala mlungu uno chifukwa nayenso ma generic ambiri ali ndi lactose. Adzauza anzawo ku tchalitchi kuti ngakhale a ku pharmacy anavomereza. Bodza limenelo mudzalizula bwanji?

Nangozo, Parktown

Madala, ndikukumvani, ndipo pa prednisone mwanena zoona. Koma mankhwala abwino amene ali m'bokosi losatsegula sachiza munthu. Ife kuno dokotala akaona kuti munthu wataya chikhulupiriro pa piritsi, amamusinthira ku Pentasa kapena Mezavant, kwinaku akumuphunzitsa. Akhozanso kuwonjezera mesalazine woika kumunsi, suppository kapena enema, mulibe nkhani ya lactose, ndipo pa colitis ya kumanzere amagwira bwino kuposa piritsi lokha. Vuto ndi loti azimayi athu amachita manyazi, umayenera kuwatengera pambali, mzimayi mnzawo, n'kuwafotokozera kuti aziika pogona atachoka kuchimbudzi. Koma zonsezi ndi za m'tsogolo. Lero mesalazine ya mtundu uliwonse yachepa mphamvu.

Ndipo azathioprine musawauze kuti angoyambiranso 150 mg mawa. Milungu 5 yadutsa, akutaya magazi, sitikudziwa maselo oyera ali pati, sitikudziwa ngati pali C. diff kapena vairasi ya CMV. Amatenganso miyezi 2 kapena 3 kuti agwire, sangazimitse moto wa lero. Dokotala aone magazi kaye.

Che Jafali, Mayfair

Wina asaganizenso zowasinthira ku ma syrup. Ndinaziona ndili locum ku nyumba ina yosungira okalamba. Agogo ena ankatsekula pang'ono, ana awo anawerenga za lactose pa intaneti, anakakamiza dokotala kuti mapiritsi onse asinthidwe akhale amadzi. Zinachitikadi. Mlungu usanathe agogo akutsekula ngati mpopi, matewera osakwanira, potassium watsika. Nditakhala pansi kuwerengera ma insert, sorbitol wa m'mabotolo anayi aja anapitirira magalamu 20 pa tsiku. Sorbitol magalamu 10 okha ena amatupa nawo mimba, 20 ndi mankhwala otsekula enieni. Tinachotsa mamiligalamu a lactose n'kuikapo magalamu a sorbitol. Mawu oti "sugar free" pa botolo amanyenga anthu ambiri, nthawi zambiri ndi pamene pali sorbitol kapena maltitol. Lactulose nayenso anthu amaiwala kuti amakhala ndi lactose ndi galactose pang'ono.

aGondwe, Randburg

Ndalowa mochedwa. Ine ndili ku ma authorisation a chronic, kumene medical aid imavomereza mankhwala a matenda okhalitsa, ndiye ndinene za ndalama. Ngati ali pa medical aid ya amuna awo, ulcerative colitis ndi Crohn's zonse zili pa Chronic Disease List ya PMB, chithandizo chimene lamulo limakakamiza, scheme iyenera kulipira ngakhale pa plan yotsika. Koma imalipira zimene zili pa formulary yake, mndandanda wa mankhwala amene inasankha. Mukangopereka mtundu wina popanda kusintha authorisation, claim ikanidwa kapena adzalipira co-payment yaikulu, ndipo mayi wotere akalipira kamodzi sabweranso. Regulation 15I ya Medical Schemes Act imanena kuti mankhwala a pa formulary akakanika kapena akamupweteka munthu, scheme ipereke ena popanda chilango. Pamafunika kalata ya dokotala. Khodi ya colitis ndi K51, ya lactose intolerance ndi E73. Kungolemba kuti "wodwala akuti mkaka sumuyanja" sikudutsa msanga. Pakakhala zotsatira za hydrogen breath test zimayenda bwino, koma test imeneyo sachita munthu ali pakati pa flare, matenda atabuka, amamwetsa lactose magalamu 25 kapena kuposa nthawi imodzi.

Za azathioprine wopanda lactose, musadalire mndandanda wa pa intaneti wa ku UK kapena America, dzina limodzi limakhala ndi ma filler osiyana dziko ndi dziko, ndipo kampani ikhoza kusintha fakitale. Werengani PI, insert yovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la SAHPRA, ya bokosi limene lili m'manja mwanu, gawo 2 ndi 6.1, kapena imbani ku Medicines Information Centre ya yunivesite ya Cape Town (UCT).

Nachisale, Rosettenville

Zikomo nonse. Pentasa ndabwezera pa shelefu. Locum akulemba kalata, amuna awo akuti anyamuka ku City Deep akubwera. Mayiwo akulirabe za ntchito. Grand-Pa ndawalanda mapaketi anayi m'chikwama, ndawapatsa paracetamol ndi ORS. Mzere wafika pakhomo, ndibweranso.

Nangozo, Parktown

Mwachita bwino achemwali. Mu kalatamo muonjezere kuti ali pa azathioprine, a ku casualty asawasiye kumapeto kwa mzere poona kuti thupi silikutentha kwambiri.

Nkhaniyi yandikumbutsa mnyamata wina wa kunyanja amene ankagwira ntchito ya m'munda ku Northcliff. Anaonda makilogalamu 11, kutsekula m'mimba miyezi 4. Abwana ake anamuuza kuti ndi mkaka, anasiya. Kenako anati ndi buledi, anasiya. Atapita kwa dokotala wina, colonoscopy inaonetsa zilonda pa ileocaecal, anati Crohn's, prednisone 40 mg. Milungu itatu anabwera kwa ife atanyamulidwa, thukuta usiku, mimba yodzaza madzi. Biopsy yachiwiri inaonetsa TB ya m'matumbo. Muno mu South Africa ndi kwathu komwe, TB ya m'matumbo ndi Crohn's zimafanana ngati mapasa, malo ake amodzimodzi, ndipo ukalakwitsa n'kupereka steroid wathirira TB. Anamwa mankhwala a TB n'kunenepa, anabwera kudzatipatsa moni atavala suti. Chimene chimandipweteka ndi miyezi 4 ija imene anataya akusala zakudya. N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti "ndi mkaka" koma akuonda, kapena pali magazi, kapena akudzuka usiku kupita kuchimbudzi, ine sindivomera. Lactose siitulutsa magazi.

aMbewe, Braamfontein

"Lactose siitulutsa magazi." Ndi zimene ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa. Akatuluka kuchipatala abwerere pa Asacol yemweyo amene anawasunga zaka 2.

NaPhiri, Randburg

Zimenezo akagamule ndi dokotala wawo, madala. Ine nkhawa yanga ndi ya pambuyo pake. Akapatsidwa prednisone wa milungu 8, ndipo tsopano aopa mkaka wamtundu uliwonse. Steroid amadya mafupa, colitis yokha imadyanso mafupa, mayi wa zaka za m'ma 40. Munthu wamkulu amafunika calcium pafupifupi 1000 mg pa tsiku. aNachisale, mukadzawaonanso musawauze kuti asiye mkaka wonse. Mkaka wopanda lactose uli m'mashopu onse akuluakulu muno. Cheddar ilibe lactose yoti n'kuwerenga. Amasi ndi yogati ambiri amazipirira chifukwa mabakiteriya adya kale gawo lina, ngakhale si yonse, ndiye ayambe ndi theka la kapu pamodzi ndi chakudya matenda akazizira.

Amake Tadala, Diepsloot

Amasi ake a kuno ine sandikoma ngati chambiko cha kwathu. Koma calcium bwanji osanena za usipa ndi matemba? Timadya ndi minga yomwe. Mabasi a Lachisanu amabwera nazo, ku Yeoville ndi ku Park Station sizisowa.

NaPhiri, Randburg

Usipa ndi wabwino kwambiri, pilchards za m'chitini zomwe ndi minga yake. Koma osati wokazinga m'mafuta ambiri ndi kambuzi pamene matumbo ali pamoto. Nkhwani, bonongwe, chisoso, nyemba, adikire kaye, ayambe ndi phala, nsima yofewa, mbatata yosenda, nthochi, dzira, nsomba yophika. Akachira abwezeretse chimodzichimodzi. Ndimakumana ndi anthu amene anauzidwa "osadya masamba" ali m'chipatala ndipo patha zaka 3 sanalawenso. Ameneyo timamupeza alibe iron, alibe folate.

aGondwe, Randburg

Poti mwatchula mabasi, ndichenjeze. Pali anthu amatenga azathioprine ndi mesalazine pa chronic yawo kuno n'kumagawira m'bale wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amene "ali ndi matenda omwewo". Ndikumvetsa, kwathu mesalazine ndi wosowa komanso wodula. Koma azathioprine popanda kuyeza magazi ndi ngozi, amagwetsa maselo oyera mwakachetechete, ndipo wina akamumwera pamodzi ndi allopurinol wa gout mlingo umakwera koopsa. Mukaona munthu akudzatenga repeat masiku asanakwane mwezi uliwonse, mufunseni bwino.

Chikondi, intern, Soweto

Za allopurinol tinaphunzira, amatseka enzyme ya xanthine oxidase. Akuti mlingo wa azathioprine umatsitsidwa kufika pa kota. Che Jafali, ndifunsenso, mesalazine yemweyo satsekula m'mimba? Ndinawerenga kuti ena zimawachitikira.

Che Jafali, Mayfair

Zimachitika, kutsekula, kupotokola, nthawi zina kutentha thupi ndi magazi omwe, mpaka kuoneka ngati colitis yakula. Koma zimabwera masiku kapena milungu yoyambirira, ndipo munthu akasiya zimatha msanga. Mayi awa amwa zaka 2 ali bwino, asiya ndiye adwala, ndi zotembenuka. Munthu amene mesalazine amamutsekula ukamusinthira mtundu wina wa mesalazine kawirikawiri zimabwereranso, chifukwa vuto ndi mankhwala enieniwo, osati filler. Chimene timaiwala pa mesalazine ndi impso. Creatinine, muyezo wa impso, ayezedwe asanayambe, pakapita miyezi ingapo, kenako chaka ndi chaka. Ndimafunsa aliyense wobwera ndi repeat yachisanu ndi chimodzi kuti magazi anatengedwa liti, ambiri amangondiyang'ana.

aMbewe, Braamfontein

Ine ndasindikiza kapepala, mbali ina supuni ya mkaka, mbali ina mapiritsi 6, pansi 680 mg. Ndikamata pa kauntala mawa. Amene akufuna ndimutumizira.

Amake Tadala, Diepsloot

Mulembeponso kuti wa allergy afunse kaye, aMbewe. Ndipo mulembe m'Chichewa ndi m'Chizulu, Chingelezi chokha ndi chimene chatifikitsa pano.

Nangozo, Parktown

aNachisale mwadzuka bwanji? Mayi aja anapita? Anawagoneka? Ndayang'ana m'buku la ward yathu m'mawa uno sindinaone wa colitis watsopano, kapena anapita kwina. Tiuzeni Hb inali bwanji.

aGondwe, Randburg

Pamene tikudikira, alipo ali ndi Pentasa sachet ya 2 g kumbali ya Randburg kapena Cresta? Ndili ndi membala wa Crohn's watsala ndi masiku awiri, courier akuti Lachiwiri.